Mawu Anga pa Sipika ya ku Saluni

Pamene ndinkalowa fomu 3, ahedi anali atawaitanitsa kale amayi anga kawiri. Ulendo woyamba ndinamenya mnyamata amene anandipondera kope dala. Wachiwiri ndinaponya dasitala, ndipo ngakhale sinamupeze amene ndinkamulinga, inaswa galasi limodzi lokhalo limene linatsala pawindo la kalasi yathu. Tsiku limenelo ahedi anawauza amayi, ine ndili pomwepo, kuti ulendo wachitatu sadzawaitananso kudzakambirana, adzangowaitana kudzanditenga. Amayi anagwada pasimenti n'kuthokoza. Kenako tinabwerera ku malayini.

Malayini ndi nyumba za kampani pa esiteti ya tiyi, kumene ndinakulira. Amayi ankatchola tiyi. Anabwera kuno ali mtsikana, pothawa nkhondo kwawo kutsidya kwa Muloza, ndipo m'kalasi sanapondemo. Pabanja pathu ine ndinali woyamba kufika ku sekondale, yoyendera, ya m'munsi mwa phiri, ulendo wa ola lathunthu wapansi kudutsa m'minda ya tiyi. Amayi ankafuna ndidzagwire cholembera, osati dengu. Koma satifiketi popanda kukhoza Chingerezi kulibe, ndipo Chingerezicho ndiye chinali mdani wanga.

Kulemba ndinkayesako. Kuyankhula ayi. Kunyumba tinkayankhula Chichewa chathu chakuno, chosakaniza ndi Chilomwe, ndipo lilime langa likafika pa mawu a Chizungu linkangolemera. Ndili fomu 1 ndinaimirira kamodzi kuti ndiwerenge. Kalasi yonse inaseka, aphunzitsi nawonso anabisa nkhope m'buku. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa. Akandiloza ndinkangoima n'kumayang'ana kudenga mpaka atatopa nane n'kundipatsa chibalo. Ine ndinkaona kuti ndapindula. Bola kutchetcha bwalo lonse la mpira kusiyana n'kusekedwa.

Madamu a Chingerezi atsopano anabwera teremu yoyamba ya fomu 3. Anali aafupi, oyenda ngati akuthamangira minibasi, ndipo ankanyamula ambulera tsiku lililonse ngakhale kunja kuli ngwee, ati phiri ili salikhulupirira. Anali ndi foni yaikulu yong'aluka pakona ndi kasipika kozungulira kokwana m'manja. Pasukulu pathu mafoni anali oletsedwa kwa ana, ndipo ahedi sankakondwa kuona ngakhale mphunzitsi akulowa nayo m'kalasi. Madamu anawachonderera kuti awalole teremu imodzi yokha, akaona kuti sizikuthandiza asiya okha.

Lolemba ankatiikira pasipika anthu akucheza m'Chingerezi, ife n'kumamvetsera, kenako mafunso. Anzanga ankakonda zimenezo, mpaka amene ankathawa masana anayamba kutsala. Ine sizinandikhudze kwenikweni. Chimene chinandigwira ndi cha Lachitatu tikaweruka. Madamu ankakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa kalasi n'kumatiitana mmodzimmodzi. Unkayankhula mphindi imodzi pa mutu umene akupatsa, foni ikujambula mawu. Ukatha ankakupatsa timahedifoni kuti udzimvere wekha. Sankakukonza pomwepo. Ankangofunsa kuti wamva chiyani chimene ukufuna udzachite bwino ulendo wina.

Nthawi yanga itakwana ndinapita, koma sindinakhale pansi. Ndinawauza kuti andipatse chibalo, chikwakwa ndikudziwa pamene chimakhala. Madamu anasuntha pabenchipo kundisiyira malo.

"Mawu akowa sadzawamva munthu wina," anatero. "Iwe ndi ine basi. Ukafuna ndifufute, ndifufuta uli pomwepa."

Ndinakhala. Mutu unali wofotokoza za kwathu. Ndinayamba bwino: dzina, zaka, kumene ndimakhala. Kenako mawu anathawa. Ndinabwereza liwu limodzi kanayi, ndinameza malovu, ndinabwerezanso. Mtima unayamba kutentha monga umachitira, kuyambira pachifuwa kukwera m'makutu, ndipo ndinanena m'Chichewa, mokweza, foni ikujambulabe: "Madamu, zimitsani chinthuchi ndisanachiswe."

Anazimitsa. Sanaseke, sanakalipe, anangondipatsa timahedifoni tija. Aka kanali koyamba kumva mawu anga ali kunja kwa mutu wanga. Ndinadabwa kuti ndi aakulu ngati a bambo wa ana atatu. Ndinadabwanso kuti ziganizo zoyambirira zija zinali zomveka, Chingerezi chenicheni, chotuluka m'kamwa mwa ine ndemwe. Zolakwika ndinazimva ndekha popanda wondiuza. Madamu anafunsa ngati afufute. Ndinati ayi, asunge, ndikufuna ndidzayerekeze ndi za ulendo wina. Zimenezi ndazilemba dala, chifukwa pambuyo pake ndinkaziiwala: amene anati mawu aja asafufutidwe ndine.

Kuchokera tsiku limenelo njira ya m'tiyi inasanduka kalasi yanga. Ndinkanyamuka m'mamawa anzanga asanatuluke kuti ndiyende ndekha, n'kumayankhula Chingerezi ndi mitengo ya tiyi. Ndinkaiuza zimene ndadya, zimene ndaona, kuti nkhungu ya chiperoni yatsika ndipo phiri silikuoneka. Ndikaona anthu otchola akubwera ndi madengu awo ndinkakhala chete mpaka tipitirirane. Kunyumba sindinayankhuleko ngakhale liwu limodzi, amayi sankadziwa kanthu. Ulendo wachiwiri pabenchi paja ndinafika theka la mphindi. Wachitatu ndinamaliza mphindi yonse, mpaka madamu anachita kundiimitsa ndi dzanja. Ankandiikira zakale ndi zatsopano motsatizana, ndipo ine ndinkamva ndekha kuti munthu wachiwiriyu waposa woyamba uja. Palibe malikisi a m'kope amene anandikomera chotero.

Teremu yachiwiri ndinakweza mkono m'kalasi. Amene ndinkakhala naye desiki imodzi anaganiza kuti ndikupempha kupita kuchimbudzi. Ndinayankha funso, mmodzi kumbuyo anatsokomola monyogodola, ndipo ine sindinatembenuke n'komwe. Materemu awiri athunthu sindinamenye munthu. Ahedi anawalola madamu kupitiriza ndi foni yawo, ndipo tsiku lina tikupitirirana pakhonde anandifunsa ngati ndadwala, poti dzina langa lasowa mu ofesi mwawo.

Tikuyandikira holide, anzanga anayamba kupempha kuti azikamvera mawu awo kunyumba. M'nyumba zambiri munali timawayilesi tolowetsa memori khadi, tomvera nyimbo. Madamu anati amene angathe abweretse khadi. Ine ndinazula ya muwayilesi ya amalume. Koma madamu analibe kompyuta, choncho anatenga foni ndi makhadi athu onse kupita ku saluni ya pamsika, kwa mkulu wina amene ankameta, kutchaja mafoni ndi kubena nyimbo, kutanthauza kuika nyimbo m'makhadi a anthu. Anakhala naye masana onse, akumuuza kuti mawu awa apite pakhadi iyi, awa pa iyo. Kuti zitheke, mkuluyo anayamba wakopera zonse mukompyuta yake. Atamaliza madamu anamuuza kuti afufute, iye anati wafufuta.

Madamu sankadziwa mmene anthu obena amagwirira ntchito. Ife akunoko timadziwa. Wobena safufuta kanthu, chilichonse cholowa mukompyuta yake ndi katundu. Ndipo munthu akabwera ndi khadi n'kunena kuti mundiikire zatsopano, iye sasankha imodziimodzi, amangokokera zonse zimene zalowa sabata imeneyo, kwinaku akuziliza pasipika yaikulu ya panja kuti mwini khadi amve kuti zalowadi. Sindikhulupirira kuti mkulu uja anali ndi cholinga choipa poyamba. Mawu a ana a sukulu anangosakanikirana ndi nyimbo. A anzanga anali osasangalatsa, anthu ankati dumphani. Anga anali ndi mathero.

Ndinawamva Loweruka lomaliza la holide. Amayi anandituma kukagula nsomba zouma, ndipo ndinkadutsa pamaso pa saluni, pamene akabaza amaimika njinga zawo. Nyimbo inatha, kenako kunamveka munthu akutchula dzina langa loyamba m'Chingerezi. Ndinaima. Munthuyo anapunthwa, anabwereza liwu kanayi, anameza malovu, ndipo sipika yaikulu ija inakweza ngakhale kumeza malovuko. Akabaza anali atayamba kale kuseka, akudikirira. Itafika nthawi yake onse anathira mang'ombe pamodzi ngati kwaya: zimitsani chinthuchi ndisanachiswe. Wina anapempha kuti aibwerezenso. Mayi wogulitsa nanazi anati mwana ameneyu, kaya ndi wa ndani, akumumvera chisoni mkazi amene adzamukwatire.

Sankadziwa kuti ndi ine. Ndinali chiimire pakati pawo ndi jumbo ya nsomba m'manja, ndipo pafupi ndi phazi langa panali theka la njerwa. Ndinaliyang'ana. Ndinakumbukira mawu a ahedi aja, ndinadutsa. Mpaka lero ndimati tsiku limene ndinaugwira mtima wanga koposa masiku onse ndi limenelo, ndipo palibe amene anaona.

Lolemba tinatsegulira sukulu. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina, mwana wa akalaliki a pasikelo pamene amayi ankayezetsa tiyi wawo. Iyeyu pulayimale anaphunzira yolipira, ya kutauni ku boma, Chingerezi chinkangoyenderera m'kamwa mwake. Khadi yake inali itadutsa ku saluni kuja, ndipo mawu anga anawazindikira. Pa buleki anabwera pamene ndinakhala, atsikana ali pomwepo akudya chinangwa, n'kundiyandikizira kabokosi ka zida za masamu pakamwa ngati foni.

"Bwana, tatiyankhuleniko pang'ono za kwanu," anatero. "Musadandaule, tizimitsa musanaswe."

Atsikana awiri anaseka, kusonyeza kuti nawonso anali atamva kale. Zimene zinachitika pakatipo sindikumbukira bwino. Ndimakumbukira kabokosi kakugubuduka, makampasi ali mbwee, iye ali pansi atagwira pakamwa, magazi akutsikira pa shati yoyera.

Amayi anachita kukawatenga kumunda. Analowa mu ofesi ali ndi pulasitiki yotcholera tiyi m'chiuno, mapazi ali ndi matope, ndipo ataona kuti bambo a wovulalayo ndi akalaliki awo anakana mpando n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Ahedi anandifunsa chimene ndamenyera mnzanga. Ndinakhala chete. Anafunsanso katatu. Pambuyo pake ena ankati ndinkawateteza madamu, koma limenelo ndi bodza, ndipo sindikufuna kutamandidwa nalo. Madamu ndinali nditawakwiyira kuposa wina aliyense. Ndinakhala chete chifukwa ndinkadziwa kuti ndikangofotokoza, adzafuna kumva mawuwo.

Kenako kunamveka kugogoda. Madamu analowa osaitanidwa. Anali atamva kwa atsikana aja, ndipo anafotokoza zonse ataimirira: za benchi, za lonjezo limene anandipatsa, za makhadi, za saluni. Anati kumenya n'kulakwa ndipo sakundiikira kumbuyo, koma moto anauyatsa ndi iwo. Anati mwanayu materemu awiri wakhala akulimbana ndi chinthu chimene ankachiopa, ndipo ngati pali woti alangidwe kwambiri, ayambire iwo. Ankadziwa bwino kuti akunena zimenezi kwa munthu amene ankangodikira chifukwa choletsera foni ija. Ananenabe.

Ahedi anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Ndinaona kuti afewa. Anati ngati zili choncho nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndiye kuti aweruze bwino ayenera kumva chimene chayambitsa. Akalaliki anati khadi ya mwana wawo ili m'foni mwawo momwemo. Madamu anapempha kuti asaike, iwo afotokoza okha zimene zilimo. Akalaliki anati mwana wawo watsala pang'ono kuguluka dzino chifukwa cha mawu chabe, ndiye mawuwo amveke, tione ngati akulemera ngati dzino.

"Mukaika ndituluka," ndinatero.

"Ukuopseza ndani, iwe?" anatero ahedi, n'kuwakodola akalaliki kuti aike.

Mawu anayamba. Dzina, zaka, kumene ndimakhala. Ndinaona amayi akudzutsa mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana foniyo, kenako ine, pakamwa pali pululu. Anali asanandimvepo ndikuyankhula Chingerezi. Nkhope imeneyo ndinaiona ndithu, ndipo mwina ndikanaiyang'anitsitsa ndikanakhala pansi. Koma ndinkadziwa chimene chikubwera pakangopita ziganizo zitatu, ndipo m'makutu munali mutatentha kale. Ndinaimirira, mpando unagwa, ndinawadumpha amayi miyendo n'kumenyetsa chitseko mwamphamvu moti kalendala ya ahedi inagwa kuchoka pakhoma.

Patapita masiku ndinamva kuti ahedi anali ataganiza zondiimitsa masabata awiri okha. Chimene chinandichotsa sukulu si chibakera chija ayi, ndi chitseko. Anati mwana amene wadumpha mayi ake pamaso pawo iwo sangamuphunzitse. Foni nayo anailetsa tsiku lomwelo. Anzanga amene ankatsala Lachitatu anandida, ndipo sindiwaimba mlandu. Panali mtsikana wina wachibwibwi amene anali atangoyamba kumene kumasuka pabenchi paja.

Lamulungu lotsatira, anthu atatuluka m'tchalitchi, madamu anabwera ku malayini wapansi. Ana anawalondolera kunyumba kwathu. Nditawaonera pawindo ndinalowa kuchipinda n'kutseka. Amayi anawayalira mphasa pakhonde, ndipo nyumba za kampani n'zazing'ono, zonse ndinkamva. Anapepesa kwa amayi. Anati apita ku saluni, aimirira pamsana pa mkulu uja mpaka wafufuta iwo akuona, ngakhale za m'makhadi a anthu sangathe kuzibweza. Anati ayankhula ndi mnzawo wophunzitsa pa sekondale ina ya kufupi ndi boma, imene imalandira ana masana, ndipo abweretsa kalata yoti ndikayambe kumeneko teremu isanapite patali. Kenako anapempha kuti andione. Amayi anandiitana kawiri. Sindinatuluke. Madamu anadzuka n'kudzaima pafupi ndi windo.

"Ndabwera kudzapepesa kwa iwe," anatero.

"Munati awiri basi."

"Ndinaterodi."

Ndinadikira kuti awonjezere, anene kuti wolakwa ndi wa ku saluni, kapena andikumbutse kuti ndinakana ndekha kufufuta, kuti ndipeze poyambira kukalipa. Sanawonjezere kanthu. Ndinaona chithunzithunzi chawo chikuchoka pansalu ya pawindo, kenako anatsanzika. Amayi anawaperekeza mpaka kumsewu waukulu, kutali kuposa mmene amaperekezera ngakhale abusa.

Chibadwire ndinali ndisanaonepo mphunzitsi akupepesa mwana wa sukulu, ndipo mpaka pano sindinaonenso. Tsiku limenelo sindinadziwe chochita nako kupepesako. Mkwiyo ndinkaudziwa kagwiridwe kake, koma ichi chinali chachilendo, ndiye ndinangochisiya panja. Pano ndimapalasa kabaza ku Muloza, ndipo nthawi zina ndikanyamula alendo odzakwera phiri ndimacheza nawo, amandimva, nanenso ndimawamva. Chingerezi chimenecho chonse ndinachitenga m'materemu awiri aja. Madamu anasamutsidwa chaka chotsatira, sindikudziwa kumene ali. Ena amati mafoni amawononga ana a sukulu. Ine sinditsutsana nawo kwambiri, poti ndinaona mmene mawu amathawira akangolowa m'makina. Koma ndimadziwanso kuti zaka ziwiri za chibalo zinalephera kunditsegula pakamwa, ndipo foni yong'aluka ija inanditsegula Lachitatu limodzi.

Kalata ija amayi anaisunga m'chikwama chawo cha ku tchalitchi. Sanandikakamize. Lamulungu lililonse akabwerako ankaitulutsa n'kuiika patebulo pafupi ndi mbale yanga, ndipo ndikadzuka osaikhudza ankaibwezera m'chikwama. Ine ndinkati ndipita sabata yamawa. Chimene chinkandigwira mwendo n'chakuti makhadi amayenda, ndipo ndinkaona ngati ku boma nakonso ndikangotsegula pakamwa wina andizindikira. Masabata anapita, teremu inatha, yotsatira nayo inafika pakati. Mvula yoyamba itagwa tiyi anaphuka, ndipo akapitawo anayenda m'malayini kulengeza kuti kampani ikulemba anthu otchola a nyengo ya dzinja. Lachinayi m'mamawa ndinakaima pamzere n'kulembetsa. Amayi anali pamzere wina, wa anthu akale, ndipo anandiona ndikulandira dengu. Lamulungu limenelo kalata sanaitulutse.